Lipoti la chionetsero cha documenta fifteen: nkhokwe imene anagawana ndi chinsalu chimene anatsitsa

Lipoti ili likunena za chionetsero cha zaluso zamakono chotchedwa documenta fifteen, chimene chinachitikira mumzinda wa Kassel ku Germany kuyambira pa 18 Juni mpaka pa 25 Seputembala 2022. Ndalilemba monga munthu amene ntchito yake ndi kukonza zionetsero: kusankha ntchito za aluso, kugwirizana nawo za ndalama, kuona kuti chithunzi chapachikidwa pakhoma loyenera, ndi kuyankha mafunso a anthu zitseko zikatsegulidwa. Ndalembera anzanga a ntchitoyi, makamaka amene akuganiza zokonza chionetsero chonena za kupirira kwa anthu ndi kuthandizana pa nthawi ya mavuto. Ku Kassel anayesa zimenezi mokulira kuposa kwina kulikonse kumene ndikukudziwa, ndipo zokoma ndi zowawa zinatuluka m'masiku 100 omwewo.

Malo ake

Mzinda wa Kassel unaphwasulidwa ndi mabomba usiku wa pa 22 Okutobala 1943. Mu 1955 mphunzitsi wa zaluso, Arnold Bode, anakonza documenta yoyamba m'nyumba ya Fridericianum, zipsera za nkhondo zikuonekabe m'makoma ake. Ankafuna kuonetsanso ntchito zimene boma la Nazi, la Adolf Hitler, linazinyoza, kuzichotsa m'mamyuziyamu ndi kuziletsa. Motero funso la mmene anthu amadzukiranso pambuyo pa chiwonongeko si lachilendo pa chionetserochi. Chinabadwa nalo. Masiku ano chimachitika pakatha zaka 5 zilizonse. Eni ake ndi mzinda wa Kassel ndi chigawo cha Hesse, ndipo gawo lalikulu la ndalama zake limachokera ku misonkho ya anthu, zimene zikutanthauza kuti andale ali ndi mawu pa icho chikavuta.

Kuyambira mu 1972, pamene Harald Szeemann anatsogolera documenta yachisanu, kawirikawiri ankasankha munthu mmodzi kuti aike maganizo ake pa chionetsero chonse. Pa chionetsero cha mu 2002 udindowu unali m'manja mwa Okwui Enwezor wa ku Nigeria, woyamba kuchokera kunja kwa Ulaya. Mu Febuluwale 2019 anachita chinthu china chatsopano: anapereka udindo kwa gulu, osati kwa munthu. Gululo ndi ruangrupa la ku Jakarta ku Indonesia, limene linayamba mu 2000, patangopita zaka ziwiri ulamuliro wankhanza wa pulezidenti Suharto utagwa. Anthu amenewa anaphunzira ntchito pa nthawi imene aluso a kwawo analibe nyumba zoonetseramo ntchito zawo kapena thandizo lodalirika la boma. Ankachita lendi nyumba wamba, pabalaza pake nkukhala poonetsera zithunzi, pophikira, pogona ndi pochitira misonkhano. Kupirira sanakuwerenge m'buku ayi.

Atangoyamba kukonzekera, mliri wa Covid-19 unatseka malire mu 2020, ndipo misonkhano yambiri inachitikira pa intaneti. Kutatsala miyezi 4 kuti atsegule, Russia inalowa mu Ukraine. Chionetsero chonena za nthawi zovuta chinakonzedwa m'kati mwa nthawi zovuta zenizeni.

Njira imene anatsata

Maziko a zonse anali lumbung, nkhokwe ya mpunga ya mudzi wonse ku Indonesia, imene anthu amathiramo zotsala pa zokolola kuti zidzathandize aliyense chaka chikadzavuta. A ruangrupa sanafune kuti nkhokweyi ingokhala mutu wolembedwa pakhoma. Anafuna kuti ikhale mmene ndalama, malo ndi mphamvu zikuyendera.

Anayamba ndi kuitana magulu 14 amene anakhala mamembala a nkhokweyo. Ena mwa iwo ndi Wajukuu Art Project a ku Nairobi, Fondation Festival sur le Niger a ku Ségou ku Mali, Britto Arts Trust a ku Dhaka, The Question of Funding a ku Palestine, Trampoline House a ku Copenhagen, INSTAR a ku Havana, OFF-Biennale a ku Budapest ndi Project Art Works a ku Hastings. Kenako anaitana aluso ndi magulu ena, ndipo oitanidwawo anapatsidwa ufulu woitana anzawo. Anzawowo anaitananso ena. Pomaliza otenga mbali anafika pafupifupi 1,500, m'malo 32 mumzinda. Nambala imeneyi muisunge, pakuti ndi pamene pali mphamvu ya chionetserochi komanso pamene panabisala ngozi yake.

Zinthu ankazigamula pa misonkhano imene ankaitcha majelis. Pamisonkhanoyi pankakhala anthu ena amene ntchito yawo inali "kukolola" zokambidwa, ena polemba, ena pojambula, kuti amene sanabwere adziwe zimene zatuluka. Mayina a aluso sanawalengeze pamsonkhano wa atolankhani monga zimakhalira. Anawasindikiza mu Okutobala 2021 m'magazini ya Asphalt, imene amagulitsa mumsewu anthu osauka ndi osowa pokhala, ndipo pambali pa dzina sanalembe dziko la munthu koma chigawo cha nthawi chimene amakhala.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kayendedwe ka ndalama. Bajeti yonse inali yoposa mayuro 42 miliyoni. Mwachizolowezi, ndalama za chionetsero chachikulu zimathera pa kupanga chinthu, kuchiika m'bokosi, kuchinyamula, kulipira inshuwalansi ndi kumanga makoma amene adzagwetsedwe chionetsero chikatha. Waluso amabwerera kwawo ndi dzina, koma lendi ya malo ake ogwirira ntchito ili pomwepo. Ku documenta fifteen ndalama anazigawa patatu. Zina zinali zopangira ntchito yoonetsa. Zina zinaperekedwa pasadakhale kuti gulu lilimbitse ntchito yake kwawo, pa nthawi imene mliri unali utatseka njira zambiri zopezera ndalama. Zina zinalowa m'thumba la onse, ndipo majelis ndiyo inkagamula zochita nazo. Aliyense amene anakhalapo ndi bajeti ya chionetsero m'manja akudziwa kuti kumasula ndalama motere kumafuna kulimba mtima, chifukwa owerengera ndalama amafuna risiti yosonyeza chinthu chooneka. Koma ngati tikunena zoona kuti chionetsero chathu ndi cha kupirira, funso loyamba ndi lakuti: kodi gulu limene taliitanali lidzakhalapobe chaka chamawa? Trampoline House, nyumba imene inkalandira othawa kwawo ku Copenhagen, inatsekedwa kumapeto kwa 2020 chifukwa chosowa ndalama, ili kale membala wa nkhokweyo. Funsoli silinali longoyerekeza.

Anakhazikitsanso zida za onse: makina osindikizira amene anaikidwa m'holo ya documenta Halle, wailesi, ndi timasitolo togulitsa mabuku ndi zinthu za magulu. Nyumba ina imene kale inali sitolo yaikulu pakati pa mzinda anaisandutsa ruruHaus, malo ochezera ndi okumanirana.

Zimene mlendo anapeza

Wolowa mu documenta Halle ankayamba wadutsa mumpita wamdima wa malata akale, phokoso la m'misewu ya Nairobi likumveka. Imeneyi inali ntchito ya Wajukuu, gulu la ku Mukuru, dera la anthu osauka mu Nairobi, limene limaphunzitsanso ana zaluso, ndipo m'kati munali ziboliboli, china chopangidwa ndi mipeni yakutha. Gululi linalandira mphotho ya Arnold Bode ya chaka chimenecho. M'holo momwemo a Baan Noorg a ku Thailand anamanga malo oseweretserapo skateboard, ndipo a Wakaliwood a ku Kampala, amene amapanga mafilimu ndi ndalama zochepa kwambiri, anali ndi malo awo. Panja pake a Britto anadzala dimba ndi kumanga khitchini mmene anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana ankasinthana kuphika.

Pa kapinga wa kutsogolo kwa nyumba ya Orangerie, a The Nest Collective a ku Nairobi anamanga kanyumba ndi mabelo a kaunjika, ntchito imene anaitcha Return to Sender. Zovala zimene Ulaya amataya nkuzitumiza ku Africa zinabwerera kwa eni ake, zitaunjikidwa pamalo okongola kwambiri mumzindawo. Sipanafunike chikwangwani chachitali. Kutsogolo kwa Fridericianum, Richard Bell wa ku Australia anaimika tenti yake ya Embassy, potsatira tenti imene Aaborijini, eni nthaka a dzikolo, anaimika ku Canberra mu 1972, ndipo pamwamba pa nyumbayo panali chikwangwani chamagetsi chowerenga ngongole ya lendi ya dziko limene analandidwa. Nyumba ya Fridericianum yomweyo inasanduka sukulu, yokhala ndi laibulale, malo ogona, ndi chipinda chimene makolo ankabwerako ndi makanda.

Ntchito imene ndikuiona kuti inafika pa mtima wa nkhaniyi ndi ya Atis Rezistans a ku Grand Rue mumzinda wa Port-au-Prince ku Haiti, imene inaikidwa m'tchalitchi cha St. Kunigundis. Amisiri amenewa amapanga ziboliboli ndi zitsulo za galimoto zakufa, matayala, misomali, matabwa, ngakhalenso zigaza za anthu. Anapulumuka chivomezi cha mu Januwale 2010 ndipo akugwirabe ntchito m'dera limene mavuto sanathe. M'tchalitchimo ziboliboli zawo sizinkapempha chisoni kwa aliyense. Zinkaseka, zinkaopseza, zinkalemekeza akufa. Ndikutsindika zimenezi chifukwa zionetsero zambiri za kupirira zimagwa pamenepa: zimasandutsa ovutika kukhala anthu ofatsa, oyamika, oyenera kuwaombera m'manja. Amene anapirira zenizeni amakhala ndi mkwiyo, nthabwala ndi chipembedzo chawo, ndipo wokonza chionetsero sayenera kuzisefa.

Si zonse zinagwira. Zipinda zambiri zinali ndi zotsalira za misonkhano: mapepala, mivi yolumikiza mawu, mipando yozungulira popanda wokhalapo. Wofika pa tsiku la zochitika ankapeza moyo, wofika tsiku lina ankapeza chipinda chimene eni ake atuluka. Zofotokozera zinali zochepa m'malo ena, moti amene sanapeze woperekeza alendo, amene ankatchedwa sobat, ankangoyenda osadziwa poyambira. Ubwenzi umene unamangidwa pakati pa magulu unali weniweni, koma mlendo wogula tikiti ya tsiku limodzi nthawi zina ankauonera patali. Vuto limeneli ndi laling'ono poyerekeza ndi lotsatirali.

Chinsalu

Mkangano unayamba chionetsero chisanatsegulidwe. Mu Januwale 2022 gulu lina la ku Kassel linanena kuti ena mwa oitanidwa, makamaka a ku Palestine, amagwirizana ndi kampeni ya BDS yonyanyala Israel, imene nyumba ya malamulo ya Germany inaiweruza mu Meyi 2019 kuti njira zake ndi zodana ndi Ayuda. Nyuzipepala zikuluzikulu zinaitola nkhaniyo. Okonza anakonza zokambirana zapoyera za mu Meyi, kenako anazilepheretsa. Kumapeto kwa mwezi womwewo, anthu osadziwika analowa m'malo amene The Question of Funding ankakonzekera kuonetseramo ntchito, nalemba m'makoma zinthu zimene ambiri anaziona ngati zoopseza. Pofika tsiku lotsegulira, mbali zonse zinali zitatopa ndipo zinkakayikirana.

Pa bwalo la Friedrichsplatz, pakati penipeni pa mzinda, panaimikidwa chinsalu chachikulu cha mamita 8 m'mwamba ndi 12 m'mbali, chotchedwa People's Justice. Eni ake ndi Taring Padi, gulu la ku Yogyakarta ku Indonesia limene linayamba mu 1998. Anachijambula mu 2002 pokumbukira nkhanza za ulamuliro wa Suharto, kuphatikizapo kuphedwa kwa anthu osachepera 500,000 mu 1965 ndi 1966, ndi mayiko akunja amene anathandiza ulamulirowo. Pachinsalupo pali zithunzi za anthu ndi nyama zambirimbiri zothithikana. Pakati pa izo panali msilikali wa nkhope ya nkhumba, wovala mpango wa nyenyezi ya Davide ndi chisoti cholembedwa Mossad, dzina la bungwe la akazitape la Israel. Panalinso munthu wa tsitsi lolendewera m'mbali mwa makutu monga Ayuda ena opembedza, wa mano osongoka ndi maso ofiira, pa chipewa chake pali chizindikiro cha SS, gulu lankhanza la boma la Nazi.

Pano sindizungulira. Zithunzi ziwirizi ndi zodana ndi Ayuda. Zimachokera ku kajambulidwe kakale ka ku Ulaya kamene kankaonetsa Myuda ngati chilombo choyamwa magazi, kajambulidwe kamene boma la Nazi linagwiritsa ntchito pokonzekeretsa anthu kuvomereza kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni. Ndipo zinaima pabwalo la mzinda wa ku Germany, ndi ndalama za boma, pa chionetsero chimene chinayambika pofuna kuchira ku nthawi imeneyo. Kuti chinsalucho chinaonetsedwapo m'mayiko ena kuyambira mu 2002 popanda wodandaula sikuchiyeretsa. Kukungosonyeza kuti kumeneko kunalibe amene anachiwerenga, kapena amene anachiwerenga sanamvedwe.

Kwa ife a ntchitoyi, mfundo yofunika kwambiri ndi ya nthawi. Chinsalucho sichinalipo pa masiku amene atolankhani ndi akatswiri ankayendera chionetsero chisanatsegulidwe. Chinachedwa chifukwa chinali chitawonongeka posungidwa ndipo chinafunika kukonzedwa, motero chinakwezedwa kutangotsala pang'ono kutsegulira anthu onse. Taganizirani manja amene anachigwira. Wina anachitulutsa, wina anachiyala, wina anafufuza pamene pang'ambika, ena anachimangirira pazitsulo. Ntchito ikafika, timaiyang'ana ndi tochi, pang'onopang'ono, nkulemba papepala pamene pali banga, pamene utoto wakanganuka, pamene pali nkhungu. Pepala limenelo lilibe mzere wofunsa kuti chithunzichi chikunena chiyani, ndipo chikunena kwa yani. Timakhulupirira kuti funso limenelo analifunsa wina kale. M'chionetsero cha mtsogoleri mmodzi, wina ameneyo amadziwika dzina. M'chionetsero cha anthu 1,500 oitanana, aliyense anali ndi chifukwa chabwino choganizira kuti mnzake waona.

Lolemba pa 20 Juni anachiphimba ndi nsalu yakuda. Mawa lake anachitsitsa. A Taring Padi poyamba ananena kuti zithunzizo ziyenera kumvedwa malinga ndi mbiri ya Indonesia, kenako anapepesa ndi kuvomera kuti analakwitsa. A ruangrupa anapepesanso, nanena kuti onse pamodzi analephera kuchiona chithunzicho. Pa 6 Julayi mmodzi wa iwo, Ade Darmawan, anakayankha mafunso ku komiti ya zachikhalidwe ya nyumba ya malamulo ku Berlin.

Zimene zinatsatira

Apa ndi pamene akuluakulu a bungwe loyendetsa documenta anachedwa. Anaitana Meron Mendel, mkulu wa malo ophunzitsira a Anne Frank ku Frankfurt, kuti awalangize, koma iye anasiya kumayambiriro kwa Julayi ponena kuti sakuona kuti ntchito younika ikuyambadi. Waluso wotchuka Hito Steyerl anachotsa ntchito yake. Pa 16 Julayi kunalengezedwa kuti mkulu wa bungwe, Sabine Schormann, akuchoka, ndipo Alexander Farenholtz anagwirizira udindowo. Eni chionetsero anakhazikitsa gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Nicole Deitelhoff. Mu Seputembala gululi linapempha kuti mafilimu akale okhudza nkhondo ya Apalestina, amene a Subversive Film ankaonetsa, aimitsidwe. A ruangrupa ndi aluso ambiri anakana, nalemba kalata yonena kuti akwiya, ali ndi chisoni, atopa, ndipo ali amodzi.

Kutopa kumeneko kunali ndi chifukwa. Pa nthawi yonseyi aluso ena ankanyozedwa mumsewu chifukwa cha khungu lawo kapena maonekedwe awo, ndipo gulu la Party Office la ku New Delhi linaimitsa zochitika zake ponena kuti silikutetezeka. M'nyuzipepala zina, anthu 1,500 ochokera m'mayiko ambirimbiri anaikidwa m'thumba limodzi, ngati kuti onse ochokera kum'mwera kwa dziko lapansi amaganiza chimodzimodzi. Amisiri a ku Port-au-Prince kapena a ku Mukuru analibe gawo pa chinsalu chija, koma ntchito yawo inaphimbidwa ndi nkhani yake. Kumbali inayo, Ayuda a ku Germany amene anachenjeza kuyambira poyamba anaona kuti sanamvedwe, ndipo atapezeka kuti ankanena zoona, anauzidwabe kuti akukokomeza. Mbali zonse ziwiri zinavulala, ndipo iliyonse inkaona kuti bala lake likuchepetsedwa.

Alendo anafika 738,000, pamene documenta ya mu 2017 inalandira oposa 890,000 ku Kassel. Poganizira mliri ndi mkanganowo, chiwerengerochi si chochititsa manyazi. Kumapeto kwa 2022 magazini ya ArtReview inaika ruangrupa pa nambala 1 pa mndandanda wake wa anthu 100 amphamvu pa zaluso. Mu Febuluwale 2023 gulu la akatswiri lija linatulutsa lipoti lake lomaliza, limene linati ntchito zingapo zinali ndi zizindikiro zodana ndi Ayuda ndipo udindo wochitapo kanthu sunali womveka. Mu Novembala 2023 komiti yofufuza mtsogoleri wotsatira inatula pansi udindo yonse, mkangano womwewo utabukanso. Mu Disembala 2024 anasankha Naomi Beckwith wa ku myuziyamu ya Guggenheim ku New York kuti atsogolere documenta 16 mu 2027. Eni chionetsero abwerera ku utsogoleri wa munthu mmodzi.

Mmene ndikuionera nkhaniyi

Ambiri anamaliza ndi mawu akuti: mwaona, gulu silingayendetse chionetsero. Sindikugwirizana nawo. Njira ya nkhokwe inabweretsa ku Kassel ntchito zimene wokonza mmodzi, ngakhale woyenda chotani, sakanazipeza. Inafikitsa ndalama kwa magulu amene anali pafupi kutseka. Inaonetsa kuti chionetsero chikhoza kukhala ndi khitchini, sukulu ndi malo a makanda popanda kutaya ulemu wake. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo a ruangrupa anadula nako zizolowezi zambiri zimene ife tinkaziona ngati malamulo.

Chimene chinalephera ndi chikhulupiriro chimene chili pansi pa zionetsero zambiri za mtundu uwu, chakuti anthu amene anavutika amamvetsana okha. Mawu akuti "zimene tonse tadutsamo" ndi okoma pa chikwangwani cha pakhomo, koma sitinadutse m'zofanana. A Taring Padi amadziwa bwino kwambiri tanthauzo la kukhala pansi pa ulamuliro wa asilikali. Kudziwa kumeneko sikunawaphunzitse mbiri ya chithunzi cha Myuda wa mano osongoka. Ambiri mwa amene anawadzudzula ku Germany amaidziwa mbiri imeneyo mpaka m'mafupa, koma ena anali asanamvepo za 1965, kapena kufunsa kuti maboma a kumadzulo anaima pati pa nthawi ya Suharto. Kuvutika kwako sikukuphunzitsa bala la mnzako. Pamafunika wina akhale pansi, akuuze, iwe umve, ndipo zimenezi zimatenga nthawi, ndalama ndi womasulira wabwino. Misonkhano inachitika yambiri m'zaka zokonzekera, koma kukambirana kumeneku, pakati pa alendo ndi eni bala a pamalopo, ndi kumene kunalephereka mu Meyi, ndipo sikunapezenso malo abwino.

Bungwe loitana lili ndi mlandu waukulu kuposa umene ambiri amaupereka kwa ilo. Linaitana gulu limene linanena poyera kuti ligawa mphamvu, koma silinakonze njira yoti kugawako kuyendere limodzi ndi udindo. Eni nyumba ndiwo ankadziwa malamulo, mbiri ndi mabala a dziko lawo. Kuuza mlendo kuti pabwalo ili pali zinthu zimene zimapweteka anthu kwambiri si kumulanda ufulu wake wa zaluso. Ndi ulemu umene mwini nyumba amapereka. Ndipo chenjezo litabwera mu Januwale, ngakhale linabwera ndi mawu ena osalungama kwa aluso a ku Palestine, inali nthawi yoti wina ayang'ane ntchito iliyonse yopita pabwalo. Miyezi 5 inalipo.

Pali funso limene anzanga amandifunsa: kodi kuyang'ana ntchito iliyonse si chiyambi cha kutseka pakamwa aluso? Mantha amenewa ndimawamvetsa, makamaka kwa magulu ochokera kumayiko kumene komiti younika imatanthauza apolisi. Koma kuona ndi kuletsa ndi zinthu ziwiri. Wokonza amene waona ntchito angathe kukambirana ndi mwini wake, kuisamutsira m'chipinda chokhala ndi kufotokoza kokwanira, kuitana amene ikuwakhudza, kapena kuiteteza molimba mtima akadziwa kuti ilibe mlandu. Amene sanaione alibe chilichonse mwa izi. Amangotsala ndi nsalu yakuda, makamera a atolankhani ali pomwepo. A Taring Padi anali ndi chionetsero chachikulu cha ntchito zawo za zaka zoposa 20 ku Hallenbad Ost, nyumba imene kale inali dziwe losambiramo, pamodzi ndi zidole za makatoni zimene anapanga ndi anthu wamba. Chikanaonedwa msanga chithunzi chija, anthu akanakumbukira gululi chifukwa cha ntchito imeneyo.

Pa ntchito yanga ndimatsata izi, ndipo sizifuna bajeti ya mamiliyoni. Gulu likhoza kusankha limodzi, kugawana ndalama limodzi, ndi kuitana amene likufuna. Koma pa mndandanda wa ntchito, pambali pa iliyonse, pamalembedwa dzina la munthu mmodzi amene waiona yonse ndi maso ake, osati pa chithunzi chaching'ono cha pa foni. Ngati ntchitoyo ili ndi zithunzi zambiri kapena mawu a chinenero china, amaiona ndi mwini wake ali pomwepo, akufunsa kuti uyu ndi ndani, ichi chikuimira chiyani. Filimu amaionera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndi womasulira. Woona wachiwiri amakhala munthu wa pamalo pamene tikuonetserapo, wodziwa zimene zinachitikira anthu a kumeneko, ndipo amalipidwa monga mmene timalipirira wopachika zithunzi kapena wa magetsi. Ntchito yopita panja, pamene aliyense wodutsa adzaiona osasankha, imaonedwa poyamba.

Mgwirizano ndi bungwe loitana umalembedwa zitseko zisanatsegulidwe: ndani adzalankhula dandaulo likabwera, m'maola angati, ndani adzakumana ndi odandaula, ndiponso ndani adzaperekeza waluso amene waopsezedwa ku polisi ndi kumupezera malo ena ogona. Mbali yomalizayi imaiwalika kawirikawiri, koma ku Kassel inafunika mofanana ndi inayo.

Ntchito yochedwa ndiyo yovuta, chifukwa imafika pamene aliyense watopa, waluso wagona pa eyapoti, ndipo khoma lopanda kanthu likuoneka ngati chipongwe kwa alendo olemekezeka. Ikafika pambuyo pa kuyendera komaliza, siikwera tsiku limenelo. Pamalo pake timaika kapepala konena kuti ntchitoyi ionetsedwa posachedwa, nkuiyala pansi m'chipinda china mpaka anthu awiri aja ataiona ndi kusaina.